Amuna Anga ndi Mawu Aatali a Chidanishi

Tisanabwere ku America amuna anga anali mphunzitsi wa Sitandade 1 ku Ntcheu. Kuno ku South Bend ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, kuwasambitsa ndi kuwadyetsa, koma uphunzitsi sunawachoke. Akakumana ndi dzina lachilendo la mankhwala ankaomba m'manja pang'onopang'ono, kulidula m'maphatikizo monga ankachitira ndi ana a sukulu. Ankakonda kunena kuti mawu ovuta kulibe, alipo ndi mawu amene munthu sanawadule bwino.

Tinabereka mwana mmodzi yekha, wamkazi. Anakaphunzira unamwino ku Indianapolis, ndipo komweko anakumana ndi mnyamata wa ku Denmark amene anabwera kudzagwira ntchito pa kampani ina. Atakwatirana anapeza kanyumba ka njerwa ku Beech Grove, kufupi ndi mzindawo, ndipo mdzukulu wathu, mtsikana, anabadwira kumeneko. Tikapeza tchuthi tonse awiri tinkakwera galimoto kukamuona. Amuna angawo ankamutcha mkazi wawo wamng'ono, n'kumandiuza kuti ine nthawi yanga yatha. Mwanayo atayamba kulankhula ankawaitana kuti gogo, ndipo ankadziwa kunena madzi, bwera, ndi ayi.

Asanakwanitse zaka zitatu, mayi a mkamwini wathu anadwala, ndipo banja lonse linasamukira ku Denmark. Sitinakane. Ifenso tinasiya makolo athu ku Malawi, ndiye pakamwa pathu panalibe chonena.

Tinkaimbirana foni ya vidiyo Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi, kwawoko kukuda. Miyezi yoyamba mwanayo ankathamangira pa foni kufuula kuti gogo. Atayamba sukulu ya mkaka zinthu zinasintha. Chingerezi chake chinayamba kuchepa, Chichewa chija chinatheratu, ndipo pakamwa pake panadzaza Chidanishi. Ana a anzathu kuno amamva Chichewa koma amayankha m'Chingerezi, ndipo ife akuluakulu timadandaula za zimenezi pa mkumano uliwonse. Ine ndi bambowo tinafika pomasirira anzathuwo.

Lamlungu lina mwanayo anabweretsa chithunzi chimene anajambula, n'kuchiika pafupi ndi foni. Anafotokoza nkhani yaitali, akuloza apa ndi apo. Kenako anafunsa funso n'kudikira yankho, maso ali pa agogo ake.

"Eya, eya, chokongola," anatero bambowo.

Mwanayo anabwereza funso lija mokweza. Bambowo anangomwetulira. Iye anatembenukira kwa mayi ake, ananena kanthu, n'kutsika pampando kupita kukasewera.

"Wati chiyani?" bambowo anafunsa.

"Palibe, adadi. Zachibwana."

"Ndiuze."

Mwana wathu anayang'ana kumbali. "Akufunsa ngati agogo ali ndi vuto la makutu."

Tsiku limenelo bambowo sanadye bwino. Mkati mwa sabata anandiuza kuti ayamba kuphunzira Chidanishi. Ine sindinagwirizane nazo. Ndinati mwanayo ndi wathu, aphunzire Chichewa, mayi ake amuphunzitse. Munthu wa imvi angayambe bwanji chilankhulo cha anthu amene sanapondeko n'kwawo komwe?

"Mayi, mwana akagwa pansi ndani amawerama?" anandifunsa. "Iye sangatipeze kuno. Ndipita ndine."

Anaika pulogalamu yophunzitsa chilankhulo pa foni, ndipo mwana wathu anatumiza timabuku ta ana ta zithunzi. Akaweruka ku ntchito ankakhala pa tebulo la kukhitchini, magalasi ali pamphuno. Mawu aafupi sanawavute kwenikweni. Anasangalala atamva kuti kumeneko iwo ndi morfar, kutanthauza bambo a mayi, ndipo ine ndine mormor, mayi a mayi. Anati anthu amenewa ndi anzeru, gogo aliyense amadziwika mbali yake. Chimene chinawaimitsa ndi mawu aatali. Adanishi amatenga mawu awiri, atatu, nthawi zina anayi, n'kuwalumikiza popanda mpata, moti liwu limodzi limatha kudzaza theka la mzere.

Tsiku lobadwa la mdzukulu wathu likuyandikira, tinamutumizira kadiresi ka chitenje. Bambowo anafufuza liwu lotanthauza mphatso ya tsiku lobadwa, n'kupeza fødselsdagsgave. Analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anachita zimene ankadziwa. M'Chichewa phatikizo lililonse limathera ndi lembo la liwu, ndiye paliponse pamene malembo opanda liwu anaunjikana, iwo anaikapo lawo. Sabata yonse m'nyumba munkamveka kuomba m'manja.

Lamlungu litafika anakonza kolala ya shati, n'kuuza mwanayo monyadira kuti, "Fo-de-se-le-si-da-gi-si-ga-ve."

Mwanayo anawayang'ana. Bambo ake atamunong'oneza chimene agogo ankafuna kunena, anaseka mpaka kugwera pa mpando. Anawapempha kuti anenenso. Ananenanso, iye n'kusekanso. Ine ndinachita manyazi, koma bambowo nkhope inawala, chifukwa kanali koyamba m'miyezi yambiri kuti mwanayo akhale pa foni mpaka kumapeto.

Mwanayo atapita kukagona, mkamwini wathu anakhala pansi kuti awathandize. Ndi munthu wofatsa, ndipo kuyambira pa ukwati anaphunzira kuwatcha apongozi, ngakhale zina zonse amalankhula m'Chingerezi.

"Apongozi, musayambe ndi maphatikizo," anatero. "Yambani mwapeza mawu amene abisala m'katimo. Fødsel ndi kubadwa. Dag ndi tsiku. Gave ndi mphatso. Dulani pamenepo kaye."

"Nanga ma s awiriwa ndi a ndani?"

"Amenewo ndi omangira. Amatsalira ku liwu la kumbuyo. Ndipo mawu mukweze pa chigawo choyamba, zinazo zizingotsatira."

Bambowo anagwedeza mutu, zinawakomera. Kenako mkamwiniyo analitchula liwulo mmene amalitchulira kwawo. Linatuluka lalifupi, ngati munthu walankhula ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. D wa mu fødsel sanamveke. G wa mu dag sanamvekenso.

"Bwerezani," anatero bambowo. Atamva kachiwiri anavula magalasi. "Apongozi, malembo enawo apita kuti?"

"Sitiwatchula."

"Ndiye munawalemberanji?"

Mkamwiniyo anaseka. "Makolo athu akale ankawatchula. Ife tinatopa nawo."

Kuyambira tsiku limenelo bambowo ankati Adanishi ndi anthu odya mawu. Komabe njira ija anaigwira. Liwu lalitali likabwera, ankayamba afunafuna polumikizira. Anakumbukira kuti ifenso tili nawo otere, msungichuma, mwininyumba, kungoti athu ndi aulemu, sapitirira awiri. Anakonda kwambiri liwu lakuti barnebarn, mdzukulu, chifukwa ukalidula limangoti mwana wa mwana.

Misampha inalipo. Ife tikaona t ndi h zitagundana timawerenga pamodzi, monga mu thumba. Choncho bwalo la ndege, lufthavn, iwo ankati lu-fu-tha-vu-ni, mpaka mwana wathu anawauza kuti mpeni umadutsa pakati penipeni pa t ndi h: luft, mpweya, ndi havn, doko. Nthano ya pogona, godnathistorie, inawagwetsa m'dzenje lomwelo. Panalinso lembo la o wodulidwa pakati lija. Anauzidwa kuti aike milomo ngati akunena o koma anene e. Ndinkawapeza ku bafa ataima pa galasi, milomo ili chotu, ngati munthu woyatsa moto. Koma chimene sichinatheke mpaka mapeto ndi kutseka liwu ndi lembo lopanda liwu. Lilime lawo linkakana. Ankayesetsa, koma kumapeto kankatulukabe ka i kakang'ono.

Tinakonza zoti chilimwe chotsatira tikawaone. Mapasipoti tinakonzetsa. Koma nyengo ya chisanu isanathe miyendo yawo inayamba kutupa, ndipo ankatopa akangokwera masitepe. Madokotala anapeza kuti impso zasiya kugwira ntchito bwino. Anasiya ntchito, n'kuyamba kupita kuchipatala kangapo pa sabata kukasefedwa magazi pa makina. Ulendo unaimitsidwa. Tinati chaka chamawa.

Pa makina paja munthu amakhala maola ambiri osasuntha. Odwala ena ankaonera TV, ena ankagona. Iwo ankavala zomvera m'makutu n'kumayendetsa milomo. Dzanja limodzi linali ndi mapaipi, ndiye kuomba m'manja kunakanika. Ankagogoda ndi chala pa mpando.

Patapita nthawi mtima nawonso unayamba kuvuta, ndipo anatitumiza kwa madokotala a ku Indianapolis. Ine ndimagwira ntchito yotsuka zida za opaleshoni pa chipatala china m'tauni muno, ndiye ndinkasinthana masiku ndi anzanga kuti ndiwaperekeze. Msewu wake ndi wautali ndi woongoka, minda ya chimanga mbali zonse. Ndikuyendetsa, iwo ankandiyesa mayeso amene sindinawapemphe.

"Sygehus. Dulani."

"Bambo, ndikuyendetsa galimoto."

"Syge, odwala. Hus, nyumba. Nyumba ya odwala. G simumutchula. Nanga sygeplejerske?"

"Sindikudziwa."

"Ndi mwana wanu ameneyo. Wosamalira odwala."

Mwana wathuyo nayenso anali pa nkhondo yake ndi chilankhulocho. Sakanaloledwa kugwira ntchito ya unamwino kumeneko asanakhoze mayeso a Chidanishi. Nthawi zina ankaimba pakati pa sabata, mawu ali olefuka, kunena kuti m'sitolo akalankhula anthu amamuyankha m'Chingerezi. Bambo ake ankamulimbikitsa ngati mnzawo wa m'kalasi. Za kutupa kwa miyendo sankamuuza zonse.

Tsiku lina tikutuluka m'chipatala ku Indianapolis, atatiuza nkhani yosakoma ya mtima wawo, anandipempha kuti tidzere ku Beech Grove. Ndinaimika galimoto tsidya lina la msewu, moyang'anana ndi kanyumba kaja. Munali anthu ena. Pakhonde panali njinga ya mwana ndi mbale ya galu. Bambowo analoza masitepe a pakhomo.

"Paja ndi pamene anandigwira chala n'kutsika yekha," anatero.

Tinakhala pamenepo mpaka mayi wina anasuzumira pa windo. Ndinaliza galimoto.

Sindikufuna kuti zimveke ngati zaka zimenezo zinali za misozi yokhayokha. Khama lawo linabala. Anafika poti ankatha kumufunsa mwanayo zimene wadya, dzina la mnzake, ngati kunja kukugwa mvula. Mwanayo anadzipatsa udindo wowakonza. Ankayandikitsa pakamwa pake pa foni, mano awiri akutsogolo atachoka, n'kutchula liwu pang'onopang'ono kuti agogo aone lilime. Atayamba kalasi yoyamba ya sukulu yeniyeni anabwera ndi liwu latsopano, dzina la kalasiyo, børnehaveklasse. Bambowo anakakamira pakati. Mwanayo anapukusa mutu, anakweza manja, n'kuyamba kuomba: bør-ne-ha-ve-klas-se. Anati ndi mmene aphunzitsi awo amachitira.

Bambowo ananditembenukira. "Mayi, mwaona? Nawonso amaomba."

Anaomba limodzi, wina ku South Bend wina ku Denmark, foni ikuchedwetsa mawu moti manja awo sankagundana nthawi imodzi. Madzulo a tsiku limenelo anaimbira mnzawo wina amene ankaphunzitsa naye ku Ntcheu kuti amuuze.

Chisanu chotsatira chinali choopsa. Chipale chofewa chinkagwa usiku ndi usana, mphepo yochokera kunyanja ikulowa mpaka m'mafupa. Bambowo anayamba kubanika akagona chagada. M'mawa wina anakomoka ku bafa. Anawagoneka kuno masiku ochepa, kenako ambulansi inawatengera ku Indianapolis. Kumeneko anadwalanso sitiroko yaing'ono imene inalemeretsa mbali imodzi ya pakamwa. Dokotala ananditengera pambali n'kundiuza kuti ngati pali ana akutali, ndi bwino abwere.

Ndinamuimbira mwana wathu. Anati abwera onse atatu.

Bambowo atamva, anatsegula maso kwambiri. Anandipempha kuti ndiwamete ndevu ndi kuwabweretsera shati yabwino. Masiku odikira aja ankakonzekera. Ankafuna kumulandira mwanayo m'chilankhulo chake, kumutcha barnebarn, ndi kumufunsa za flyvemaskine, ndege imene wakwera. Ankachotsa chopumira cha mpweya pamphuno, kunena mawuwo, n'kuchibwezera. Anamwino ankaganiza kuti akupemphera m'Chichewa.

Anafika masana, kunja kuli mitambo. Mwana wathu ndiye anayamba kulowa, n'kugwada pambali pa bedi, mutu wake pa dzanja la bambo ake. Mkamwini anaima pakhomo atagwira mwanayo dzanja. Mwanayo anali atatalika, atavala jekete yofiira, tsitsi lomangidwa pawiri. Agogo amene iye ankawadziwa anali nkhope ya pa foni, yoseka, yovala magalasi. Apa anaona munthu wowonda, wa mapaipi m'manja ndi pamphuno, makina akulira kumutu.

Bambowo anachotsa chopumira chija. Anatambasula dzanja. Anayamba kulankhula, koma pakamwa panakana. Malembo aja amene anavutika nawo zaka zonsezi kuti awalumikize anamasukanso. Mawu anatuluka odukaduka, olemera, ka i kali paliponse. Anayesa kachiwiri. Malovu anatsikira pachibwano, ine n'kuwapukuta.

Mwanayo anabwerera m'mbuyo n'kubisala kuseri kwa mwendo wa bambo ake. Analankhula motsitsa, koma m'chipindamo munali zii.

"Jeg vil hjem."

Ine amene ndinkati sindikuphunzira nawo, ndinamva. Anati akufuna kupita kwawo. Ndinayang'ana bambowo ndikuyembekeza kuti mwina sanamve. Dzanja lawo linatsika pang'onopang'ono n'kugona pa bulangete.

"Mutengeni mwanayo akapume," anatero m'Chichewa, movutikira. "Ulendo unali wautali."

Mkamwini anatuluka naye. Mwana wathu anayamba kupepesa, akulira, kunena kuti mwanayo sanagone m'ndege, kuti mawa adzakhala bwino. Bambo ake anamusisita mutu. Iyenso atatuluka kukawaona, tinatsala awiri. Ndinawabwezera chopumira pamphuno. Patapita kanthawi anachikankhanso.

"Mayi, munamva zimene ananena?"

"Ndi mwana, bambo. Wachita mantha ndi makinawa."

"Ayi, sindikudandaula." Anapuma kaye. "Ndikuti ndamva zonse. Popanda wondimasulira."

Anatseka maso. Misozi inatsikira m'makutu, ndipo sindinadziwe ngati ndiipukute kapena ndiisiye.

Mawa lake mwanayo anabweranso. Bambo ake anali atamufotokozera za mapaipi ndi makina, ndipo anabwera ndi mapepala ndi makrayoni. Anakhala pampando wa pafupi ndi windo n'kumajambula, nthawi ndi nthawi akuba kuyang'ana pa bedi. Pang'ono ndi pang'ono anasendeza mpando. Koma tsiku limenelo bambowo anali atayamba kugona kwambiri. Ankatsegula maso kamphindi, osaona bwino amene ali pafupi, n'kutsekanso. Mwanayo analimba mtima mpaka anafika pogwira chala chawo. Anawafunsa kanthu. Anadikira. Anayang'ana mayi ake, mayi akewo n'kumuuza kuti agogo atopa. Pochoka, dzuwa lili pamutu, anawauza kuti godnat, morfar, kutanthauza usiku wabwino agogo, chifukwa kwa iye munthu wogona amatsanzikidwa choncho.

Sanadzukenso mokwanira kuti alankhule ndi wina aliyense. Anamwalira patapita masiku ochepa, m'mawa, ine ndi mwana wathu tili pomwepo.

Anali atanena kale kuti asadzavutitse anthu ndi kunyamula thupi kupita ku Malawi, adzaikidwe kuno kumene ine ndingathe kumakawaona. Amalawi a ku South Bend ndi a ku Indianapolis anabwera ambiri. Amayi anadzaza m'nyumba mwathu, atafunda zitenje pamwamba pa majekete, kuimba nyimbo za maliro kuyambira masana. Mdzukulu wathu anali asanaonepo anthu ochuluka chotero m'nyumba imodzi. Amayi ankamuitana, kumupatsa moni m'Chichewa, kenako m'Chingerezi, iye n'kumangowayang'ana. Mapeto ake anabwera kudzakhala pansi pambali panga, pa mphasa imene tinayala pa kapeti, n'kutsamira phewa langa. Nyimbo zili m'kati anagona, ndipo mwendo wanga unachita dzanzi koma sindinasunthe.

Kumanda kunali chipale chofika m'akakolo. Abusa anafupikitsa mwambo chifukwa cha kuzizira.

Masiku otsatira mwana wathu anandithandiza kulongedza zovala za bambo ake. Tikupinda mashati anandiuza kuti iye ndi mwamuna wake akambirana. Kunyumba kwawo kuli chipinda chapansi chimene sachigwiritsa ntchito. Mapepala ndi ovuta, koma akhoza kuyesa.

"Amami, simungakhale nokha m'nyumba muno."

"Sindili ndekha. Anthu a ku tchalitchi alipo."

"Anthu a ku tchalitchi ali ndi mabanja awo."

Ndinamuuza kuti ndiganiza. Ndinasamukapo kale kamodzi ndili ndi mphamvu, ndipo ndikudziwa mmene zimakhalira kufika pamalo pomwe ngakhale kugula buledi kumafuna kulimba mtima. Komanso manda a bambowo anali asanaphwe n'komwe.

Tsiku lonyamuka ndinawaperekeza ku siteshoni imene ili pa bwalo la ndege la kuno, kuti akwere sitima yopita ku Chicago kumene ankakakwera ndege ya kwawo. Tinafika msanga, ndipo tinakhala pa benchi m'kati kuthawa mphepo. Mkamwini anapita kukagula matikiti. Zipi ya jekete ya mwanayo inali itakakamira pa nsalu, ndiye ndinagwada kuti ndiikonze. Iye anaima phee, akundiyang'ana pamutu, kenako anagwira duku langa lakuda n'kufunsa mayi ake kanthu. Mayi akewo anamuyankha, ndipo anandiuza kuti amafunsa ngati ndidzalivula liti. Ndinati auzidwe kuti pakapita nthawi.

Sitima itafika anakwera. Mwana wathu anasuzumira pakhomo n'kunena kuti, "Amami, muganizire zija." Ndinagwedeza mutu. Ndinaima pomwepo mpaka sitima inakhota.

Pa galimoto panali patagwa chipale china. Ndinachipala ndi dzanja chifukwa chopalira ndinachiiwala kunyumba, kenako ndinakhala m'kati kudikira kuti injini itenthe. Masana amenewo ndinayenera kubwerera ku ntchito, ndipo yunifolomu yanga inali pampando wakumbuyo. Mpaka lero mwana wanga sindinamuyankhe.